Analogi ija anatiletsa akuti yabweranso: za matchipi otsanzira ubongo

MkonziWaLimbuli
Abale anzanga, tandimasulirani. Ine ndakhala pa benchi yokonza mawailesi pano pa Limbuli kuyambira nthawi ya makaseti. Itabwera nkhani ya digito anatiuza kuti analogi ndi zachikale, ma TV athu tiwagulire madikoda, ife n'kumvera. Ndiye dzulo mwana wa achemwali anga, amene ali pa sukulu ku MUST uja, anabwera kudzatchaja laputopu, n'kumandiuza kuti akatswiri a kunja akubwereranso ku analogi. Ati akupanga matchipi otsanzira ubongo wa munthu n'cholinga choti AI, nzeru za makompyuta zija, isamadye magetsi ambiri. Ndinamuseka kuti iwe sukulu yakuzunguza mutu, koma usiku nkhaniyi inandisowetsa tulo. N'zoona zimenezi, kapena mwanayu akungofuna ndimugulire bando?

Kabaza_Chitakale
Ine tchipisi chimene ndimachidziwa ndi cha pa chiwaya. Chotsanzira ubongocho akuthirako kabichi kapena ayi?

AphunzitsiAFiziki
Bambo a ku Limbuli, mwanayo sakunama. Tiyambe ndi mutu wanu womwewo. Ubongo wa munthu uli ndi maselo otchedwa ma neuron pafupifupi mabiliyoni 86, ndipo onsewo amayendera mphamvu ya mawati pafupifupi 20. Mababu akale a 60 aja, otentha aja, limodzi lokha linkadya katatu kuposa ubongo wanu. Pa mawati 20 amenewo mukuona, mukumva, mukuwotcherera waya osadziwotcha chala, kwinaku mukukangana ndi kasitomala za mtengo.

Tsopano tengani khadi limodzi la Nvidia lotchedwa H100, la mtundu umene makampani amaphunzitsira AI. Likagwira ntchito mwamphamvu limafika mawati 700, ndipo sagula limodzi ayi, amalumikiza masauzande m'nyumba imodzi. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 nyumba za makompyuta zimenezi, ma data centre, zinadya pafupifupi 1.5 peresenti ya magetsi a dziko lonse lapansi.

Chodabwitsa n'chakuti magetsi ambiriwo sathera pa kuwerengera. Amathera pa kunyamula. Makompyuta athuwa anatengera dongosolo limene John von Neumann analemba mu 1945: kosungira zinthu kwina, kowerengera kwina. Nambala iliyonse itengedwe ku memory, ipite ku purosesa, yankho libwererenso. Zili ngati mayi amene mafuwa ake ali pa Chitakale koma ufa, mchere ndi nkhuni amasunga ku Likhubula, ndipo ulendo uliwonse amatengako chinthu chimodzi chokha. Ubongo suchita zimenezo. Pamene neuron ina yakhudzana ndi inzake, malo otchedwa synapse, ndi pomwe pasungidwa zimene munaphunzira, ndi pomwenso ntchito ikugwiridwira. Ufa uli pa mafuwa pomwepo.

Kabaza_Chitakale
Aphunzitsi, mayi ameneyo mundipatse nambala yake. Kasitomala wotere sapezekapezeka.

WaKuNdata
Amalume, ndiye mwandibweretsa pa gulu? Chabwino, dzulo munandidula pakamwa ndisanamalize, lero mundimvere.

AI ya masiku ano mkati mwake muli samu imodzi yobwerezabwereza: chulukitsa nambala iyi ndi iyo, kenako phatikiza zonse, n'kuyambiranso. Kompyuta ya digito imachita samu imeneyo ndi ma transistor ambirimbiri otseka ndi kutsegula, 0 ndi 1. Ya analogi, imene imayendera mlingo wa magetsi wokwera ndi kutsika pang'onopang'ono m'malo mwa 0 ndi 1, imangowasiya magetsi achite okha. Mukaika volteji pa resistor, kachipangizo kokaniza magetsi kaja, karenti yotuluka imadalira volteji ija ndi kukula kwa resistor. Ndi lamulo la Ohm limene mumagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo kuchulukitsa kwathera pomwepo. Mawaya angapo akakumana pa waya mmodzi, makarenti awo amaphatikizana okha, limenelo ndi lamulo la Kirchhoff, kuphatikiza kwathanso.

Ndiye amaluka timawaya ngati mkeka, tina chopingasa tina choimirira. Pa mphambano iliyonse amaikapo kachipangizo kamene kamasunga mlingo wa mmene kamakanira magetsi, ngakhale mutazimitsa. Zimene AI inaphunzira zimakhala m'timphambano timeneto. Mukalowetsa volteji mbali ino, yankho likutuluka mbali inayo nthawi imodzi, popanda ulendo wa ku Likhubula uja.

MkonziWaLimbuli
Tadikira kaye iwe. Zimene ukunenazi si mixer ya ku tchalitchi imeneyi? Maiki aliyense ali ndi kabatani kake ka voliyumu, kwaya mukweza, ng'oma mutsitsa, abusa pakatikati, zonse n'kukakumana pa waya mmodzi wopita ku sipika. Ndakonza zambirimbiri zimenezo.

AphunzitsiAFiziki
Mwalasa, bambo. Ndipo musaone ngati n'zocheza. Ena mwa makina oyambirira ophunzira kuzindikira zithunzi, Perceptron ya Frank Rosenblatt ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anali ndi timaso ta magetsi 400 ndi timabatani topotokola ngati ta pa mixer yanuto, tolumikizidwa ku timamota. Makinawo akalakwitsa, mota inkapotokola kabatani pang'ono. Kuphunzira kwake kunali kumeneko.

Digito itakula, njira imeneyi inaiwalika, mpaka Carver Mead wa ku Caltech anaidzutsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Iyeyu ndiye anabweretsa mawu oti neuromorphic, kutanthauza zipangizo zotsanzira ubongo. Anaona kuti transistor ukaipatsa volteji yochepa, yosakwana kuitsegula bwinobwino, imadontha kakarenti kakang'ono kwambiri, ndipo kadonthedwe kake kamafanana ndi mmene timchere timadutsira pa khungu la neuron. Iye ndi wophunzira wake Misha Mahowald anapanga diso la silicon lotsanzira retina, kachikopa ka mkati mwa diso kamene kamalandira kuwala. Kachipangizo kokumbukira kamene mwanayu akunena, mtundu wake umodzi ndi memristor. Leon Chua analemba mu 1971 kuti chinthu chotere chiyenera kukhalapo, ndipo a HP analengeza mu 2008 kuti achipanga.

KlakiWakale
Ine za ma transistor sindizidziwa, koma analogi ndagwira nayo ntchito zaka zambiri ndipo sindikuifunanso. Ndinali klaki woyeza masamba pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Thyolo, dzina tisatchule. Sikelo yathu inali ya sipuling'i, ya singano ija, tinkaikoleka pa mitengo itatu m'mphepete mwa munda. M'mawa chiperoni chili mbuu singano inkaima pena, dzuwa likafika paliwombo inkaima penanso. Sipuling'i ikatopa singano sinkabwerera pa 0, unkachita kugogoda galasi ndi chala. Mayi wathyola tiyi kuyambira mbandakucha, mvula ili pamsana, wafika ndi dengu. Iwe ukuti makilo 14, iye akuona 15, kapitawo waima chammbali akuona 14 ndi theka chifukwa akuyang'ana mopendekeka. Anthu anandida ine kaamba ka kachitsulo kaja, ena mpaka pa maliro sankandipatsa moni. Itabwera sikelo ya manambala m'pamene ndinayamba kugona tulo. Ndiye mukati makina oganiza akhale ngati sikelo ya singano, ine ndikuti toto.

Anaphiri_Chonde
Madala, ya manambala nayonso amaibera. Nandolo wanga ndinayeza kunyumba thumba linakwana 50, kwa venda linatsika kufika 46. Makilo anayi anathawira m'njira?

Kabaza_Chitakale
Musatiyang'ane ife a njinga, thumba timalifikitsa mmene mwatipatsira.

MlimiWaNanazi
Amaika phazi pansi pa thumba, achemwali, kapena amayamba ndi sikelo isanafike pa 0. Ine ndimanyamula paketi ya shuga ya kilo imodzi, ndimati tayezani iyi kaye. Venda wina anangotseka sikelo n'kunena kuti batire yatha.

Anaphiri_Chonde
Nzeru imeneyo ndaitola. Koma mtengo wa nandolo wokha ndiye ndi nkhani ina, chaka chino mukugulitsa bwanji kumeneko?

Admin_Sapitwa
Abale, za nandolo tsegulani mutu wake. Pano tili pa matchipi. A Klaki afunsa funso lolemera, wina awayankhe.

WaKuNdata
Agogo a Klaki, zimene mwanenazo ndi zomwe zikuwasowetsa tulo akatswiriwo. Ma transistor awiri opangidwa tsiku limodzi pa tchipi chimodzi safanana ndendende. Kukatentha karenti imasintha. Pali phokoso la magetsi, lofanana ndi kusosola kwa wailesi ya amalume. Ndipo mlingo umene mwasunga umatha kusuntha pang'onopang'ono, ngati sipuling'i yanu ija. A IBM mu 2023 anaonetsa matchipi a analogi ogwiritsa ntchito phase-change memory. Ndi kanthu kamene ukakatenthetsa kamasintha kaumbidwe ka mkati, m'gulu limodzi ndi zimene zimakhala pa ma CD ofufutika aja. Tchipi china chinali ndi tizipangizo totere 35 miliyoni, ndipo anachiyesa pa ntchito yomva mawu a munthu n'kuwalemba. Koma vuto lodziwika la tizipangizoti ndi lomwelo, mlingo umayenda pakapita nthawi, ndiye amachita kuikapo njira zowongolera.

Kusiyana kwake ndi uku: malipiro a mayi wothyola tiyi amafuna nambala yeniyeni, ndipo amenewo asiyeni ku digito mpaka kalekale. Koma kuzindikira kuti uyu akubwera apoyu ndi mayi uja sikufuna nambala yeniyeni. Inu mumamuzindikira m'chifunga, atafunda chitenje kumutu, mbali imodzi yokha ya nkhope ikuoneka. AI nayo imapirira zolakwika zing'onozing'ono chifukwa yankho limachokera ku timphambano tambirimbiri. Kena kakapitirira pang'ono, kena kaperewera pang'ono. Ena amaiphunzitsa dala muli phokoso kuti izolowere.

KlakiWakale
Mwana iwe wayankha bwino, koma ndikufunse. Ikalakwitsa adzagogoda galasi ndani?

NesiWaUsiku
Ndili pa ntchito ya usiku, odwala agona, ndiponyeko yanga. Mukuti ubongo ndi analogi, koma zimene tinaphunzira ife ndi zakuti uli pakati. Neuron ikapuma, mkati mwake mumakhala pafupifupi mamilivolti 70 kutsika pansi pa 0. Mauthenga ochokera kwa anzake akamafika, volteji imakwera pang'onopang'ono, ngati chidebe chimene mwatchera pa denga lodontha, koma chidebecho n'chobowoka pansi. Madontho akamabwera patalipatali, sichidzaza. Akabwera motsatizana, chimafika pa mlingo wake, pafupifupi 55 pansi pa 0, ndiye neuron imawombera kamodzi, phaa, n'kubwerera. Kudzazako ndi analogi, koma kuwomberako kulibe theka, yawombera kapena sinawombere. Ndipo nthawi iliyonse ma neuron ambiri amakhala ali chete. Ine ndimaona ngati kusunga mphamvu kwagona pamenepo.

AphunzitsiAFiziki
Anesi, bwerani mudzandiphunzitsire Fomu 4. Imeneyo ndiye mbali yachiwiri ya nkhaniyi. Kompyuta wamba ili ndi wotchi mkati imene imagunda mabiliyoni angapo pa sekondi, kaya pali ntchito kaya palibe. Ili ngati mlonda amene amagogoda pa zenera la abwana mphindi iliyonse kunena kuti kulibe wakuba. Tchipi chotsanzira ubongo chili ngati galu, chimagona mpaka tchire litagwedezeka. Palinso makamera opangidwa motero, ambiri anachokera ku kafukufuku wa ku Zurich. Satumiza chithunzi chonse maulendo 30 pa sekondi ayi, kadontho kalikonse ka kamera kamangolankhula kuwala kukasintha pamalo pakepo. Mukailozetsa pa khoma imakhala duu, buluzi akadutsa m'pamene imanena.

WaKuNdata
Ndipo zilipo kale, si maloto. TrueNorth ya IBM ya 2014 inali ndi ma neuron 1 miliyoni ndi ma synapse 256 miliyoni, ikudya mamiliwati pafupifupi 70. Intel inatulutsa Loihi mu 2017 ndi Loihi 2 mu 2021. Ku Manchester kuli SpiNNaker, makina a timapurosesa ta ARM 1 miliyoni, a gulu la Steve Furber.

AphunzitsiAFiziki
Mwana wanga, apa wasakaniza nyemba ndi kalongonda. Zitatu zonse watchulazo n'zotsanzira ubongo, inde, koma ndi za digito. Zimawombera ngati ma neuron, koma mkati zikuwerenga 0 ndi 1. Amalume ako afunsa za analogi. Za analogi zenizeni tchula BrainScaleS ya ku Heidelberg ku Germany, kumene neuron iliyonse ndi kadera ka ma capacitor ndi ma transistor, ndipo mtundu wake wachiwiri umathamanga maulendo 1,000 kuposa ubongo weniweni. Tchulanso Neurogrid ya ku Stanford: matchipi 16 pa bolodi imodzi, ma neuron 1 miliyoni, mawati pafupifupi 3. Imeneyo neuron zake n'za analogi, mauthenga pakati pawo n'kumayenda mwa digito. Ndipo amene anaitsogolera, Kwabena Boahen, anabadwira ku Ghana, n'kukaphunzira kwa Mead yemwe uja.

WaKuNdata
Ndavomera, aphunzitsi. Ndinathamanga.

MkonziWaLimbuli
Hehede! Dzulo pa benchi panga amalankhula ngati pulofesa.

MjoniWaKuMuloza
Moni kumudzi. Ine ndili ku Johannesburg, ndimagwira ntchito ya zoziziritsa mu data centre ina, ndiye zimene mukukambazi ndimaziona ndi maso. M'holo ya makina mumalowa mutatseka makutu, mafani amalira ngati chigayo chosazima. Mukaima kutsogolo kwa mashelefu mphepo yake ndi ya pa Sapitwa mwezi wa June, mukazungulira kumbuyo ndi Nsanje mwezi wa October. Kutentha konseko ndi magetsi amene alowa n'kusanduka moto, ndiye timalipiranso magetsi ena kuti tiuchotse. Panja pali majenereta akuluakulu ngati makontena, ndi matanki a dizilo, chifukwa kuno nakonso magetsi anavutapo kwambiri.

Koma ndikuuzeni zoona, achimwene. M'maholo amene ndalowamo ine sindinaonemo tchipi cha analogi ngakhale chimodzi. Onse akufuna GPU, makadi ngati a Nvidia aja. Chifukwa chake n'chosavuta: mapulogalamu onse analembedwera GPU, anyamata onse anaphunzira zimenezo, ndipo ukayendetsa chinthu lero ndi mawa yankho limatuluka lofanana. Munthu amene waika ndalama zake sangasiye msewu wa tara n'kulowa njira ya kumunda chifukwa choti wauzidwa kuti ndi yachidule. Microsoft mu 2024 inachita kusainirana mgwirizano woti atsegulenso siteshoni ya nyukiliya ya Three Mile Island ku America kuti apeze magetsi. Anthu amenewa akusaka magetsi ochuluka, za kudya pang'ono aziona mawa.

WaKuNdata
Achimwene a ku Joni akunena zoona, ndipo pali zina ziwiri. Choyamba, dziko lonse lozungulira tchipicho ndi la digito, ndiye polowa nambala isanduke volteji, potuluka karenti isandukenso nambala. Tizipangizo tosinthira timeneti timadya gawo lalikulu la magetsi amene munapulumutsa. Chachiwiri, matchipi ambiri a analogi amangogwiritsa ntchito zimene AI inaphunzira kale. Kuphunzitsa kwenikweniko kukuchitikabe pa GPU.

MkuluWaMpingo_Goliati
Ine ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ubongo ndi ntchito ya manja a Chauta. Munthu akayamba kunena kuti aupanga wake, ine mantha amandigwira. Tisafike podzikweza, abale.

NesiWaUsiku
Akulu a mpingo, mtima ukhale m'malo. Ndege inatengera mbalame koma mpaka lero siikira mazira.

AphunzitsiAFiziki
Ndipo manambala akuikirani kumbuyo, akulu. Makina akulu a Intel otchedwa Hala Point, amene anaikidwa ku malo a kafukufuku a Sandia ku America mu 2024, ali ndi matchipi a Loihi 2 okwana 1,152 ndi ma neuron 1.15 biliyoni, ndipo amatha kudya mawati 2,600. Inu muli ndi mabiliyoni 86 pa mawati 20, ndipo mafuta ake ndi nsima ya chigwada. Komanso neuron ya pa tchipi ndi chithunzithunzi chabe cha yeniyeni. Amene akupanga zimenezi sakulenga munthu, akungobera nzeru ziwiri zitatu za kasungidwe ka mphamvu.

Anaphiri_Chonde
Chabwino, zonsezi zamveka. Koma ife a kuno zitithandiza chiyani? Foni yanga ndimatchajitsa pa grosale, netiweki ndimakaipeza pa chulu. Za ku Heidelberg zindipatsa chiyani ine?

EnjiniyaWaBvumbwe
Funso la nzeru ndi limeneli, ndipo ine ndikuona kuti nkhaniyi ikutikhudza ife kuposa a ku Joni. Data centre imodzi yaikulu ya AI imatha kufuna megawati 100 kapena kuposa. Kapichira yonse ndi megawati pafupifupi 130, ndipo tonse tikukumbukira mmene tinakhalira mumdima namondwe Ana atawononga damu lake mu January 2022. Sola ya ku Salima ija ndi megawati 60. Ndiye mpikisano wa nyumba zikuluzikulu za makompyuta sitingaulowe lero, tisanamizane.

Kumene tingalowe ndi ku tinthu ting'onoting'ono. Panopa AI yambiri imafuna kuti funso lanu lipite kunja kudzera pa intaneti, likayankhidwe kumeneko, libwerere. Bando yanu ndi imene ikulipira ulendowo. Tchipi chikakhala chodya pang'ono, nzeruyo imakhala m'chipangizo momwemo. Mlimi wa nthochi kuno ku Thyolo, kumene chisaka chinatimaliza, ajambule tsamba ali m'munda mopanda netiweki, foni imuuze. Pulogalamu ya Nuru ya PlantVillage imachita kale zotere pa chinangwa popanda intaneti, pa mafoni wamba, koma chilichonse cholemera chimamaliza batire msanga. Taganizaninso kachipangizo kothandiza agogo kumva, kotha kusiyanitsa mawu a mdzukulu ndi phokoso la msika, kakuyendera kabatire kangati batani la malaya. Kapena anthu a ku Bondo amene amapanga magetsi awo kuchokera mu mtsinje wa Lichenya: kumeneko wati iliyonse imawerengedwa.

WaMphepeteMwaRuo
Ine ndinene za mtsinje. Usiku wa namondwe Freddy, March 2023, magetsi kunalibe, netiweki kunalibe, mafoni anali atazima kale chifukwa mvula inagwa masiku angapo osaona dzuwa, tisola tathu tosagwira. Chimene chinatidzutsa ndi mkokomo wochokera kuphiri, ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Tinathawa ndi zovala za m'thupi, mwana kumsana, mbuzi tinazisiya zili pa chingwe. Anzathu ena sanaumve msanga. Ndiye mukamanena za chinthu chogona ngati galu, chodzuka pokhapokha chikamva zachilendo, chotha miyezi pa batire imodzi, ine ndikuona chitaikidwa kumtunda m'makhwawa, chikumvetsera nthaka. Mphindi khumi zokha zikanatikwanira kumasula mbuzi, ndipo ena zikanawakwanira kudzutsa ana.

Admin_Sapitwa
Pepani kwambiri, achimwene. Mabala a chaka chimenecho sanapole kwa ambiri a ife.

MjoniWaKuMuloza
Pepani ndithu. Koma ndisakubisireni, kuti mudziwe kuti madzi akwera sipafunika ubongo wa silicon. Kachoyandama konga ka m'thanki ya chimbudzi, switch ndi sayirini, basi. Zimenezo zilipo kalekale ndipo n'zotchipa. Vuto lathu si tchipi. Vuto ndi loti ndani akaika, ndani azikasintha batire, ndipo sola yake ikhala masiku angati anyamata asanaizule.

EnjiniyaWaBvumbwe
Pa madzi okwera mukunena zoona. Koma chimene chinapha anthu ambiri m'mphepete mwa phiri ndi matope ndi miyala yotsika mwadzidzidzi, ndipo kachoyandama kamadziwa zinthu zitafika kale. Kumva kunjenjemera kwa nthaka n'kusiyanitsa kuti iyi ndi lole ya tiyi, ili ndi bingu, uku ndi kugumuka, pamenepo pamafunika kanzeru kozindikira, koyaka usana ndi usiku. Za akuba ndiye mwandigwira pakamwa. Komabe chinthu chodya pang'ono chimafuna kasola kangati chikhatho, kosakwana kutchajira foni. Wakuba akazula akagulitsa kwa ndani?

Kabaza_Chitakale
Simukuwadziwa anthu inu. Anaba chikwangwani cha pa mlatho, akapanga nacho mbaula.

WaKuNdata
Ku sukulu kwathu anatsegula likulu la za AI mu 2023. Kupanga tchipi chenichenicho kumafuna fakitale ya ndalama zoopsa, zimenezo ayi. Koma kujambula kamangidwe kake pa kompyuta, kapena kutenga matchipi opangidwa kale n'kuwaphunzitsa mawu a Chichewa ndi Chilomwe, mkokomo wa mapiri athu, matenda a mbewu zathu, zimenezo palibe wa ku Stanford amene adzatichitire. Ndipo anthu odziwa analogi ndi manja atsala ochepa. Anzanga ambiri m'kalasi amalemba mapulogalamu bwino, koma apatseni wailesi yosalankhula muone.

MkonziWaLimbuli
Ndiye ukuti ine ndi katswiri wa zam'tsogolo osadziwa? Chabwino, kuona maso a nkhono n'kudekha. Aphunzitsi, ndipatseni samu yoti ndiyese pa benchi, ndione ndi maso anga magetsi akuphatikiza okha.

AphunzitsiAFiziki
Tengani mabatire atatu osiyana: la 1.5, la 3 ndi la 9 volti. Manegetivu onse amangeni pamodzi. La 1.5 lidutse pa resistor ya 1k, la 3 pa ya 1k inanso, la 9 pa ya 10k. Miyendo yotsala ya ma resistor atatuwo ikumane pa waya mmodzi, wayayo adutse mu mita yanu mutaiika pa mamiliampu, n'kubwerera ku negetivu. Pa pepala zikutuluka 1.5 kuphatikiza 3 kuphatikiza 0.9, yonse 5.4. Mutiuze zimene mita inene.

MkonziWaLimbuli
Ndabwerako. Ma resistor ndazula pa bolodi ya wailesi yakufa, la 3 volti ndalumikiza mabatire awiri a tochi. Mita yanena 5.2. Ndachotsa la 9 lija yatsika kufika 4.3, ndabwezera yakweranso. Ndakhala ndikuchotsa ndi kubwezera ngati mwana, mpaka kasitomala wa foni yosweka galasi anandifunsa ngati zili bwino.

KlakiWakale
5.2 si 5.4. Makilo anga aja ndi amenewo.

MkonziWaLimbuli
Madala, ma resistor ake ndi a lamba wa golide, amaloledwa kuphonya ndi 5 pa 100 iliyonse, mitayonso imadyako pang'ono, ndipo mabatire ndi oti agwirapo kale ntchito. Mawa ndigula atsopano pa msika ndiyesenso masana kukatentha, tione ngati isunthe.

WaKuNdata
Amalume, musaphwasule, ndikubwera Loweruka ndi anzanga awiri tidzajambule. Ya bando ija muikonzeretu.

MkonziWaLimbuli
Ubwere ndi tchaja chako, changa unapita nacho.